Zimene Analemba za a Torleiv

"Sindisaina chinthu chimene sindinawerenge," anatero a Borghild, akuthira khofi m'makapu osayang'ana munthu kumaso.

Linali Lamlungu masana, nthawi imene banja la pa famu ya Brattlia limakumana m'kanyumba kakumtunda. Patebulo panali buledi, tchizi chofiirira ndi jamu. Pakati pa zonsezi panali tabuleti ya a Borghild, imene mpongozi wawo, Hildegunn, anali ataitsamiritsa ku jagi ya mkaka.

Hildegunn anati chowerenga panalibe. Fomuyo, yopempha malo kunyumba yosamalira okalamba, inachokera ku ofesi ya khonsolo, ndipo inafika pa imelo ya a Borghild chifukwa iwo ndiwo mkazi wa wodwalayo, a Torleiv. Iye, pofuna kuwapeputsa, anaitumiza ku kompyuta yake, n'kuidzaza, n'kuibwezanso pa imelo yawo. Chotsala chinali kulemba dzina ndi chala m'munsi mwake, basi.

"Zilembo zake n'zing'onozing'ono, Borghild. Mungodzipweteka maso. Komanso kutsegula kwake sikufanana ndi kuona zanyengo kumene munazolowera kuja."

"Masowo ndi anga."

Jostein, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankatakasa khofi amene sanathiremo shuga. Anabwereza zimene anali atanena kale kawiri: kuti ndi milungu itatu yokha, kuti kunyumba yosamalira okalamba kutauni kuli anthu odziwa kuongola mwendo ndi dzanja, kuti amayi ake apumeko chisanu chisanalimbe. Ankalankhula akuyang'ana m'kapu.

A Torleiv, eni nkhani yonseyi, anakhala kumapeto kwa tebulo, dzanja lamanja lili pamwendo monga limakhalira chichitikireni sitiroko ija mu Epulo. Mutu unali bwinobwino, koma mawu ankabwera patalipatali, ngati mapazi a munthu wokwera chitunda atasenza katundu. Anatsegula pakamwa.

"Ine... ndi..."

"Mukufuna jamu," anatero Hildegunn, n'kuwakankhira botolo.

A Torleiv anayang'ana botolo lija, n'kutseka pakamwa.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, popereka famu kwa Jostein, makolowa anachita monga zimachitikira m'zigwa zathu za kumadzulo kwa Norway kuno. Anasiya nyumba yaikulu, nasamukira m'kanyumba kofiira kakumtunda kwa khola la nkhosa, ndipo zinalembedwa kuti kanyumbako ndi kawo mpaka womaliza mwa awiriwo atamwalira kapena atatulukamo mwa kufuna kwake. Nthawi imeneyo palibe amene analabadira mawu omalizawo.

Potsanzika, Hildegunn anakumbutsa kuti aku ofesi akufuna fomuyo mwezi usanathe, apo ayi malo apita kwa wina. A Borghild anati amva. Atatseka chitseko anapukuta jamu amene anamatirira pa tabuleti, n'kuiika pamwamba pa kabati.

Lachiwiri Jostein anabwera ndi tepi yoyezera. Anati akufuna kuona ngati chipinda cha m'mwamba chikulowa mphepo. A Borghild anamumva akuyendayenda pamwamba pa mutu wawo, akukoka bedi, akutsegula zenera loyang'ana kunyanja. Potsika anayezanso chitseko cha kubafa. Atamufunsa ngati mphepo imadzeranso kubafa, anaseka pang'ono, nati thirakitala waisiya ikulira.

Tsiku limenelo a Borghild sanakhazikike. Anayamba kuluka, anasiya. Anasenda mbatata zochuluka kuposa zimene anthu awiri angadye. M'mawa mwake, amuna awo atangotuluka ndi ndodo yawo, anatsitsa tabuleti ija, navala magalasi.

Imelo anaipeza mosavuta, poti dzina la Hildegunn linali pamwamba penipeni. Munali mawu ochepa: "Nayi fomu ija, ingosainani." M'munsi munali kabokosi kokhala ndi chizindikiro cha kawaya kopanira mapepala. Anadina. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu, tabuleti n'kugwa chagada. Zala zawo zinali zouma ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo galasi lija silinkazimva. Ananyambita chala monga amachitira potsegula tsamba la nyuzipepala, nadinanso. Kabokosi kanazungulira, pepala n'kutambasuka.

Zilembo zinalidi zazing'ono. Anakumbukira mmene amakulitsira zithunzi za maluko a juzi, ndi zala ziwiri, ndipo zinatheka. Anayamba kuwerenga, akutsata ndi chikhadabo.

Kodi wodwalayo amatuluka m'nyumba osadziwa kumene akupita? Yankho linali lakuti inde, m'mawa uliwonse, amasochera kuphiri. Kodi pali choopsa pa nkhani ya moto? Amasiya mbaula ili yoyaka. Kodi angathe kunena yekha zofuna zake? Ayi. Pa funso lakuti womusamalira akuti bwanji, panalembedwa mawu awiri: "Ndatopa. Sindingathenso." Kumapeto kunali timabokosi tiwiri, kena ka wofuna kukhalako kanthawi, kena ka wofuna kukhaliratu. Kochongedwa kanali kachiwiriko.

A Borghild anaimirira, napita pazenera. Kumtunda, m'kanjira ka m'mbali mwa mpanda, amuna awo anali asanafike ndi pakati pomwe. Ankaponya ndodo, n'kukoka mwendo, n'kuima. Potsitsa nkhosa kuphiri mu Seputembala, zazikazi zitatu sizinaoneke, ndipo Jostein anali ataziwerengera kale m'gulu la zotayika. Koma nkhosa yotsalira imatsika yokha chisanu chikayamba kuluma, imadzaima pageti lakumtunda, ndipo ikapeza potseka imabwerera. Ndiye chifukwa chake a Torleiv ankakwera m'mawa uliwonse kukatsegula getilo, kuika mchere pamwala, n'kuima kanthawi kumvetsera mabelu a m'khosi mwa nkhosazo. Anachita zimenezi zaka makumi asanu. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo wa mphindi makumi awiri tsopano unkatenga ola lathunthu.

Chimene chinawapweteka kwambiri a Borghild sichinali bodza la kusocheralo. Mawu akuti "ndatopa" analidi awo. Anawanena mu Ogasiti m'galimoto ya Hildegunn, akuchokera kuchipatala, amuna awo atagona kumbuyo. Anawanena monga mkazi amanenera kwa mkazi mnzake, ndipo Hildegunn anawagwira dzanja.

Anabwerera patebulo, nayesa kufufuta. Pepala linkangoyenda uku ndi uku, zilembo osatheka kukhudzika. Anadinadina tizizindikiro ta pamwamba mpaka anafika pa kapensulo. Tabuleti inafunsa funso lina lalitali, iwo anavomera osaliwerenga, ndipo mabatani a zilembo anatulukira m'munsi, n'kuphimba theka la pepalalo. Ndi chala chimodzi chonyowa analemba kutsogolo kwa yankho lililonse mawu amodzi okha: Bodza. Bodza. Bodza. Anachotsa chochonga chija. Atamva ndodo pakhonde anazimitsa msanga, n'kufunsa ngati kwamveka belu. A Torleiv anapukusa mutu.

A Borghild sanawauze kanthu za fomuyo. Ankaona kuti mwamuna amene akulimbana kale ndi mwendo wake sayenera kumvanso zimene mwana wake walola kuti zilembedwe.

Lachinayi m'mawa anatsegulanso imelo ija kuti aone ntchito yawo. Anadina kabokosi ka kawaya. Pepala linatambasuka, ndipo mawu awo onse panalibe. Amasochera kuphiri. Ndatopa. Chochonga chinali pamalo ake akale.

Anayang'ana kunyumba yaikulu. Pazenera la kukhitchini ankaoneka Hildegunn atawerama pa kompyuta yake. A Borghild anadina kapensulo, nayambiranso, ulendo uno akulemba zambiri: kuti mwamuna wawo amadziwa mwala uliwonse wa phirilo kuposa amene analemba fomuyi, kuti pali anthu ena amene akuyeza nyumba eni ake ali moyo. Lachisanu mawu a Hildegunn anali atabwereranso. Analembanso. Kenako anakazula pulagi ya kabokosi ka intaneti kamene kamakhala kuseri kwa wailesi yakanema, kuti mpongoziyo asowe polowera, ndipo tabuletiyo anaibisa m'dirowa pansi pa nsalu za patebulo. Loweruka anapeza zomwezo, nalembanso.

Lamlungu pa khofi sanadikire n'komwe kuti anthu akhale pansi bwino. Anati fomu ija aiwerenga, ndipo akufuna kudziwa amene amalowa m'tabuleti mwawo tsiku ndi tsiku kukafufuta zimene iwo alemba. Jostein anafiira makutu. Koma Hildegunn anaika kapu pansi pang'onopang'ono, nawayang'ana ndi nkhope yachifundo.

"Ndimalowa bwanji, Borghild? Kudzera pachumuni?"

"Umadziwa wekha. Umakhala pa kompyuta tsiku lonse."

"Ndimagwira ntchito ya kusukulu. Chitumizireni fomu ija sindinaikhudzenso, ndipo ngakhale nditafuna sindingathe kufika m'tabuleti mwanu." Anatembenukira kwa mwamuna wake, natsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Ukuona zimene ndimakuuza zija? Intaneti azula okha, tabuleti akubisa m'nsalu, tsopano akuti ndimawalowerera. Si abambo okha amene akufunika kuwaganizira."

Jostein anati anthu asakangane, nkhani ya kabokosi ka kukhaliratu kaja mwina panangolakwika, aionanso. A Torleiv ankayang'ana uyu ndi uyu. Anayamba kufunsa kuti fomu yanena chiyani, koma asanafike pakati mkazi wawo yemwe anawadula, nati palibe, ndi za ku ofesi chabe.

Mlungu wotsatirawo unali woipa. A Borghild anayamba kudzikayikira. Kodi analembadi? Ankalowa m'chipinda n'kuiwala chimene adzera, zimene zinkachitika ndi kale lomwe, koma tsopano zinkawaopsa. Anayamba kudziyesa okha, kutchula maina a mafamu onse a m'chigwa kuyambira kunyanja mpaka kumtunda. Lolemba anabwezera pulagi ija, nalembanso fomu ija, mawu ochepa, opanda ukali. Lachiwiri anayeserera kuisiya, koma pofika masana anali atailembanso.

Lachitatu linali tsiku losambitsa amuna awo. Potuluka m'bafa mwendo wofooka uja unaterereka, ndipo onse awiri anagwera pansi, a Borghild pansi, a Torleiv pamwamba. Palibe anathyoka. Koma kudzuka kunakanika. Anakhala pamatailosi ozizira nthawi yaitali, wina wamaliseche, wina wonyowa zovala, akupumira m'mwamba. Foni inali kukhitchini, ndipo ngakhale ikadakhala pafupi, a Borghild ankadziwa kuti sakadaimbira kunyumba yaikulu. A Torleiv anayamba kuseka, kuseka kwa mbali imodzi ya kamwa, nati pa zaka zonsezi mkazi wawo sanawagwetsepo mwachangu chotero. A Borghild anawamenya ndi thaulo, akuseka nawo, misozi ikutsika. Anakwawa mpaka pampando, nakokana mpaka anaima.

Madzulo a tsikulo, amuna awo akupuma, anatenganso tabuleti. Ulendo uno sanalembe za bodza la munthu. Analemba kuti Torleiv amapita kugeti lakumtunda kukadikira nkhosa, ndipo amabwerera yekha. Analemba kuti amalankhula, koma amafuna womudikira. Pa funso la womusamalira anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, kenako analemba kuti n'zoona watopa, kuti kumusambitsa yekha sangathenso, kuti akupempha namwino azibwera kawiri pa mlungu ndiponso chogwirira cha kubafa. Timabokosi tiwiri tija anatisiya topanda kanthu, nalemba pansi pake kuti mwamunayu ali ndi kwawo.

Lachinayi m'mawa analibe mtima wotsegula imelo. Anangofuna kuona zanyengo, poti kumwamba kunali kutada. Chala chinaphonya, n'kudina kachithunzi kena kooneka ngati chikwama cha mapepala, kamene sanakakhudzepo chiyambire. Panatuluka mndandanda. Dzina la fomu ija linalipo kasanu ndi kawiri, lililonse ndi nambala yake ndi tsiku lake. Anatsegula loyamba. Bodza. Bodza. Bodza. Anatsegula lachiwiri, napeza za anthu oyeza nyumba. Onse analipo, mpaka la dzulo lake.

Anavula magalasi. Tsono palibe amene ankalowa. Nthawi iliyonse akadina kapensulo, tabuleti inkapanga kope latsopano n'kulisunga kuno, pamene la pa imelo linkatsala monga linabwerera. Iwo ankabwerera ku kalata yakale m'mawa uliwonse, n'kumadabwa kuti sinasinthe. Mutu wawo unali bwino. Anapuma mpweya wautali, koma chimwemwecho sichinakhalitse, pakuti anakumbukira zimene ananena kwa Hildegunn pamaso pa anthu. Anakumbukiranso nkhope ya amuna awo pamene anawadula mawu.

A Torleiv atabwera kuchokera kugeti, a Borghild anawakhazika pansi nsapato asanavule, nawauza zonse. Anafuna kudumpha zina, koma mwamunayo anagogoda patebulo ndi chala.

"Werenga... zonse."

Anawerenga za Hildegunn poyamba. A Torleiv anamvetsera maso ali pazenera. Kenako anawerenga makope awo limodzi ndi limodzi. Pa loyamba nkhalambayo inamwetulira, niti mkazi wake akadakhala loya milandu ikadamatha msanga. Pa lachisanu ndi chiwiri inafunsa:

"Watopadi?"

"Ndatopa, Torleiv."

"Bwanji... osandiuza... ine?"

A Borghild anangosisita tebulo ndi chikhatho. Patapita kanthawi amuna awo anati lomalizalo ndilo litumizidwe, koma pali chimodzi chosowa. Za mbaula zinali zoona. Anasiyapo poto kamodzi mu Julayi mpaka anapserera, ndipo zimenezo zilembedwe. A Borghild anatsutsa, nati kamodzi si kanthu. A Torleiv anaumirira. A Borghild anadina kapensulo, nalemba. Kenako anaimbira foni ku ofesi, ndipo mayi amene anayankha anawafotokozera modekha kumene angadine kuti kope lokonzedwalo lipite, osati lakale lija. Analemba malangizowo kuseri kwa envulopu, mzere ndi mzere.

A Torleiv anati lisatumizidwe Jostein asanabwere.

Anabwera Lachisanu atamaliza za kukhola, fungo la nkhosa lili m'zovala. Anaima pakhomo la khitchini, nati sakhalitsa. Amayi ake anamuthirira khofi, namuuza kuti akhale, abambo ake ali ndi mawu, ndipo lero palibe amene awamalizire. Iwo eni anapinda manja, natseka pakamwa.

"Ndimapita... kuti... m'mawa?" anafunsa a Torleiv.

Jostein anayang'ana amayi ake. Sanamuthandize.

"Kugeti lakumtunda."

"Kukatani?"

"Kukamvera mabelu."

"Unayamba... kupita nane... uli ndi zaka... zingati?"

"Abambo, zimenezo n'zakale."

Koloko ya pakhoma inkamveka. A Torleiv anadikira, monga anthu ankalepherera kuwadikira iwo.

"Zisanu ndi chimodzi," anatero Jostein.

"Ndiye... ndimasochera?"

Apa Jostein anakankha kapu, mawu n'kutuluka onse nthawi imodzi. Anati m'mawa uliwonse amakhala m'khola mtima uli m'mwamba, akusuzumira pakhomo kuona ngati kachipewa ka abambo ake kakutsika. Anati tsiku lina adzakwera kumeneko n'kuwapeza atagona m'mbali mwa mpanda ataumiratu, chifukwa cha nkhosa zitatu zimene mwina zinadyedwa kale. Anati Hildegunn ndiye wakhala akuwayendetsa kuchipatala miyezi yonseyi, kuwagulira zinthu, kuwatengera mankhwala, ndipo malipiro ake ndi kutchedwa wakuba wolowera m'tabuleti. Anati aliyense m'chigwa muno amadziwa kuti ukalemba zofewa pa fomu, aku ofesi amaika pepala lako pansi pa mulu.

A Torleiv anamvetsera mpaka anatha.

"Ukadalemba... zimenezo. Kuti... ukuopa. N'zoona... zimenezo."

Jostein anaweramitsa mutu. Amayi ake anamufunsa za tepi ija, ndi mawu otsika. Poyamba anati ndi mphepo. Kenako anati famu ya nkhosa zokha masiku ano siimirira, kuti anzake onse otsala m'chigwa amalandira alendo m'chilimwe, ndipo kanyumbaka kali ndi zenera loyang'ana kunyanja. Anati ankaganiza kuti abambo akakhazikika kutauni, amayi sangafune kukhala okha kuno m'chisanu, angafune kachipinda kapafupi ndi amuna awo. Palibe amene akadawathamangitsa. Akadatuluka okha.

"Mwa kufuna kwanga," anatero a Borghild. "Monga zinalembedwera."

"Amayi..."

"Ukadabwera n'kukhala pamene wakhalapo, n'kunena kuti famu yavuta. Kaya tikadalola kaya tikadakana, sindikudziwa. Koma ukadatifunsa ngati anthu. Za Hildegunn, ndinamunamizira kuti amafufuta mawu anga. Ndinalakwa, ndipo ndikamuuza ndekha. Koma amene anatenga mawu anga a m'galimoto n'kuwaika pa pepala la boma ndi iye, iwe ulipo."

Anakoka tabuleti, natsegula kope lomaliza, namuwerengera lonse, ndi za mbaula zomwe, ndi za kutopa kwawo zomwe. Atafika pa za kubafa Jostein anadzutsa mutu, nafunsa kuti chinachitika n'chiyani kubafa. Anamuuza. Anafunsa chifukwa chake sanamuitane. Amayi ake anangopitiriza kuwerenga, ndipo iye sanafunsenso.

M'munsi mwa fomuyo munali mizere iwiri. A Borghild anasaina wawo, nakankhira tabuleti kwa amuna awo. A Torleiv ananyambita chala cha kumanzere monga anaonera mkazi wawo akuchitira, nayamba kulemba. Dzinalo linatuluka lokhotakhota, lalikulu, lodumpha mzere. Linatenga nthawi, koma linatha. A Borghild anaika envulopu pambali, natsata malangizo aja akuwerenga mokweza: kabokosi ka muvi, kenako imelo, kenako dzina la ofesi. Anayang'anitsitsa kuti chomatidwacho ndi chokhala ndi dzina lokhotakhota lija. Anadina. Tabuleti inalira pang'ono, n'kukhala chete.

Jostein anaimirira, navala chipewa. Khofi wake anamusiya osamwa. Pakhomo anaima ngati ali ndi mawu, koma anangotsegula n'kutuluka.

Loweruka kunacha kuli mbee. Chipale chofewa choyamba cha chakacho chinali chitagwa chambiri, mpaka kukwirira masitepe a pakhonde. A Borghild anaika khofi pamoto, namva thirakitala ikulira kumunsi. Anaima pazenera ndi kansalu kopukutira m'manja. Jostein anakankha chipale pabwalo la nyumba yaikulu, nalambula njira ya kukhola, nalambulanso mpaka kumsewu. Kenako anabwerera, naima pamphambano pamene kanjira ka kumtunda kamapatukira. Injini inkangolira, utsi ukukwera. A Torleiv, ali patebulo, anasiya kutafuna.

Thirakitala inakhota, niyamba kukwera. Inadutsa pansi pa zenera, nikankha chipale mpaka pa sitepe yoyamba. Jostein anatsika ndi fosholo, napala masitepe onse atatu, nawazapo mchenga wochokera m'ndowa. Sanayang'ane pazenera. Amayi ake anakweza dzanja, koma iye anali atatembenuka kale, ndipo thirakitala inatsika chobwerera m'mbuyo.

A Borghild anatsala akuyang'ana kanjirako, kakuda pakati pa zoyera, kolunjika pakhomo la nyumba yaikulu. Utsi unkatuluka pachumuni, kusonyeza kuti Hildegunn wadzuka. Anaganiza zoyamba atsuka makapu, anaganiza zodikira masana. Amuna awo anawayang'ana.

A Borghild anapachika kansalu kaja, nakhala pampando wa pakhomo, nayamba kumanga zingwe za nsapato. Njira ya kwa Hildegunn inali yolambula, panalibenso chonamizira.